Mau a pa Msonkhano: Za Maenje a Pansi pa Nyanja

Inu Mafumu ndi abale a m'Bungwe la Chiradzulu, mudziwa kuti munthu akaponda matope a ku Chilwa kapena a m'dambo, madzi acita thobvu. Umenewo ndiwo mpweya wocokera ku zomera zobvunda pansi, ndipo uyaka moto. Ophunzira aucha methane.

Pansi pa nyanja zamcere zicitika comweco, koma mwa ukuru. Mpweyawo ukacuruka uboola matope, nuwamwaza m'madzi, nusiya dzenje. Mu 1970 King ndi MacLean anayamba kulemba za maenje otere kufupi ndi Nova Scotia; kwina apezeka otambalala mamita mazana. Makampani a mafuta awayang'anitsitsa, pakuti nthawi zina alozera cuma ca pansi.

Tsono nkhaniyi siiri kutali ndi ife. Mu 2010 anapeza gasi wambiri m'nyanja ya ku Cabo Delgado, ndipo mu 2011 Boma lathu linalola Surestream kufunafuna mafuta m'Nyanja ya Malawi. Usipa umene tidyera nsima pano ucokera komweko. Cifukwa cace ndipempha kuti Mlembi alembere Boma, kuti Mafumu azifunsidwa cilolezo cotere cisanaperekedwe.