Ford Mustang: Galimoto Yomwe Inatsala Pang'ono Kufa Kawiri

Awa ndi mawu amene membala mnzathu analankhula pa msonkhano wa Loweruka lapitali. Tawalemba momwe anayankhulira kuti amene munajomba musatsalire.

 Atandiuza kuti sabata ino woyankhula ndine, ndinati basi ndikamba za galimoto. Ena mwayamba kale kuseka chifukwa mwandiona ndikutsika pa kabaza. Sekani, palibe vuto. Kukonda galimoto sikufuna laisensi.

Galimoto yanga lero ndi Ford Mustang ya ku America, ija ili ndi chithunzi cha kavalo wothamanga kutsogolo kwake. Mustang ndi dzina la akavalo am'tchire a kumadzulo kwa dzikolo. Ndaisankha chifukwa inapangidwira achinyamata ngati ife, komanso chifukwa kawiri konse inatsala pang'ono kutheratu.

Tiyambe ndi zaka za m'ma 1960. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, ku America kunabadwa ana ambiri zedi. Pofika 1963 ana ajawo anali atakula, ayamba ntchito, ndipo ankafuna galimoto, koma osati yofanana ndi ya bambo awo. Mkulu wina wa kampani ya Ford, Lee Iacocca, anaziona zimenezi. Vuto linali lakuti mwini kampani, Henry Ford II, anali ndi mantha. Zaka zochepa m'mbuyomo Ford inali itataya ndalama zankhaninkhani pa galimoto yotchedwa Edsel, yomwe anthu anaikana. Ndiye munthu wapsa kale chala, mukamuuze kuti agwirenso moto?

Chomwe anachita a Iacocca ndi anzake ndi ichi. Anatenga zipangizo za Ford Falcon, kagalimoto kotchipa kopitira ku msika, n'kuziveka thupi latsopano: boneti yaitali, buti yaifupi, denga lotsika, mipando inayi. Pansi Falcon, pamwamba chinthu china. Mukukumbukira magalimoto a mawaya omwe tinkapanga tili ana? Sitinkadikira kugula waya watsopano. Nzeru yake ndi yomweyo.

Mustang anaionetsa koyamba pa 17 April 1964 pa chionetsero chachikulu cha ku New York, pa mtengo woyambira madola 2,368. Ford inkayembekezera kugulitsa pafupifupi 100,000 m'chaka choyamba. Inagulitsa zoposa 400,000, ndipo zaka ziwiri zisanathe inali itapanga 1 miliyoni. Makampani ena anadzidzimuka. Chevrolet inatulutsa Camaro, Pontiac inatulutsa Firebird, kenako Dodge inabwera ndi Challenger mu 1970. Gulu lonse la magalimoto amenewa analitcha pony car, potengera kavalo wa Mustang uja.

Koma ndinene zoona, Mustang yoyambayo sinali yaukali kwenikweni. Yotchipa inali ndi injini ya masilinda 6, yongoyendera bwinobwino. Ukali unabwera ndi injini za V8. Kwa amene simunatsegulepo boneti, V8 ndi injini ya masilinda 8, anayi mbali iyi anayi mbali inayo, atapendekeka ngati chilembo V, ndipo mu Mustang mphamvu yake imapita ku matayala akumbuyo. Galimoto ya thupi losakula kwambiri koma injini yaikulu chonchi, Amereka amaitcha muscle car, ngati kunena kuti galimoto ya minofu. Mu 1965 katswiri wa mipikisano Carroll Shelby anakonza Mustang yotchedwa GT350, ya mahosipawa 306. Mu 1969 kunabwera Mach 1, Boss 302 ndi Boss 429. Injini ya Boss 429 inali ya malita 7. Vitz yaing'ono imene mumaiona m'tauni muno ili ndi lita imodzi. Werengani nokha.

Pakati pomwepo, mu 1968, kunatuluka filimu ya Bullitt. Steve McQueen akuyendetsa Mustang yobiriwira, kuthamangitsana ndi Dodge Charger yakuda m'misewu ya zitunda ya San Francisco. Galimoto ya mu filimuyo inagulitsidwa pa okushoni mu January 2020 pa madola oposa 3 miliyoni, ili ndi dzimbiri lake lomwe.

Tsopano imfa yoyamba. Chaka ndi chaka Mustang inkanenepa. Pofika 1971 inali yaitali, yotakata, yolemera, yomwa petulo ngati ilibe pansi. Achinyamata omwe anaipangira aja sanathenso kuikwanitsa. Makampani a inshuwalansi anakweza mitengo ya magalimoto amphamvu, boma nalo linakhwimitsa malamulo a utsi mu 1970. Malonda anatsika kwambiri. Kenako mu October 1973, mayiko a Aarabu ogulitsa mafuta anasiya kutumiza mafuta ku America chifukwa cha nkhondo ya Israel ndi Egypt ndi Syria. Mtengo unakwera, mizere inayamba pa malo omwetsera mafuta. Za mizere ya mafuta sindikufunika kukufotokozerani, eti?

Mwayi wa Ford unali wakuti mwezi umodzi m'mbuyomo inali itatulutsa Mustang II, yaing'ono, yomangidwa pa kagalimoto kotchedwa Pinto. Ya 1974 ku America inalibe V8 n'komwe, ndipo V8 itabwerera mu 1975 inali ndi mahosipawa pafupifupi 140 okha. Mpaka lero okonda magalimoto amainyoza Mustang II, amati ndi bulu wovala dzina la kavalo. Koma ya 1974 inagulidwa pafupifupi 385,000, pafupifupi katatu poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo. Bulu ameneyu ndi amene anasenza dzinalo kuwoloka nalo chilala.

Mu 1979 kunabwera m'badwo wachitatu, umene amautcha Fox body. Unakhala mpaka 1993, ndipo injini yake ya 5.0 inabwezera ulemu pang'onopang'ono. Koma m'nthawi yomweyi ndi m'mene imfa yachiwiri inadzera, ndipo ulendo uno inachokera m'nyumba momwemo. Mabwana a Ford anaganiza zoti Mustang yotsatira imangidwe pa galimoto ya Mazda ya ku Japan, yokoka ndi matayala akutsogolo, yopanda V8. Nkhaniyi inaululika mu 1987. Anthu analemba makalata ambirimbiri kupita ku likulu la Ford ku Dearborn. Kumbukirani, nthawi imeneyo kunalibe WhatsApp kapena Facebook. Munthu ankatenga pepala, kulemba, kugula sitampa, kupita ku positi. Ford inamva. Galimoto ya Mazda ija anaipatsa dzina lina, Ford Probe, ndipo inatha mu 1997. Mustang inapitirira.

Zotsalazo ndithamanga. Mu 1994 kunabwera thupi latsopano. Mu 2005 anabwerera ku maonekedwe a zaka za m'ma 1960, ndipo anthu anaikonda moti Challenger ndi Camaro, zomwe zinali zitasiya kupangidwa, zinadzutsidwanso. Ya 2015 ndi imene ikutikhudza ife: kwa nthawi yoyamba fakitale ya ku Flat Rock, m'chigawo cha Michigan, inayamba kupanga Mustang ya chiwongolero cha kumanja, yoyenera mayiko oyenda kumanzere kwa msewu ngati kwathu kuno. N'chifukwa chake inayamba kugulitsidwa ku South Africa, Britain ndi Australia, ndipo abale athu a ku Joni amatitumizira zithunzi zake. Mu August 2018 Ford inapanga Mustang ya nambala 10 miliyoni. M'badwo wachisanu ndi chiwiri unabwera ndi ya 2024, ndipo ya mtundu wa Dark Horse ili ndi mahosipawa 500. Camaro ndi Challenger zinasiya kupangidwa kumapeto kwa 2023. Mustang yokha ndi imene sinapumepo chiyambire 1964.

Ine ndikaiona mbiri imeneyi, pali zinthu zitatu zimene sizindichoka m'mutu. Anaiyamba ndi zomwe anali nazo kale, zipangizo za Falcon. Itanenepa n'kuiwala anthu ake, inadwala, ndipo inachira chifukwa inavomera kuchepa ngakhale anthu ankaiseka. Ndipo mabwana atafuna kuisintha mtima, anthu wamba ndi amene anaipulumutsa ndi makalata. Ife pano timakonda kudandaula panja msonkhano utatha. Ndi angati analembapo maganizo awo n'kupereka ku komiti?

Ndimalize ndi funso loti tikangane. Mu November 2019 Ford inaonetsa Mustang Mach-E, galimoto ya magetsi, ya zitseko zinayi, yaitali msinkhu, yopanda V8, yopanda phokoso. Ena akuti ndi kunyoza dzina. Ena akuti Mustang II nayo ankainena chimodzimodzi, koma ndi imene inapulumutsa banja. Ine mbali yanga ndili nayo, koma sindinena kaye. Kodi kavalo wosalira akadali kavalo?

A wapampando, ndathera pomwepa.  Amene ali ndi yankho akweze mkono.