Mpweya wa radon: mlendo wolowera pansi pa nyumba

Ine sindine dotolo ayi, ndine mtolankhani, ndipo ku yunivesite ndinachokako ndisanalandire pepala. Ndingokuyalirani zomwe ndafufuza.

Mu December 1984 injiniya wina ankagwira ntchito pamalo opangira magetsi a nyukiliya a Limerick, m'chigawo cha Pennsylvania ku America. Pamalopo panali makina oyeza ngati wantchito watenga radiation m'thupi kapena pazovala. Chodabwitsa nchakuti makinawo ankalira bamboyu akungofika kumene, asanakhudze kanthu. Atafufuza anapeza kuti vutolo amachoka nalo kunyumba. M'nyumba mwake munali mpweya wa radon wokwana pafupifupi ma becquerel 100,000 pa kiyubiki mita iliyonse. Kuti mumvetse kukula kwake, bungwe la World Health Organization linalangiza mu 2009 kuti m'nyumba musapitirire 100, zikavutitsitsa 300.

Kodi radon nchiyani? M'nthaka ndi m'miyala muli uranium, kwina wochepa, kwina wambiri. Iyeyu akamaphwanyika pang'onopang'ono amasanduka radium, ndipo radium amatulutsa mpweya umenewu. Ulibe mtundu, ulibe fungo. Panja umamwazika ndi mphepo, suvuta. Koma ukalowa m'nyumba kudzera m'ming'alu ya simenti kapena m'mipata ya mapaipi, umadzazana, makamaka usiku zitseko ndi mazenera zili zotseka. Munthu akaupuma kwa zaka, tizidutswa take timakanirira m'mapapo nkumaononga. Pambuyo pa fodya, ndiwo ukutsogolera poyambitsa khansa ya m'mapapo. Boma la America limati kumeneko umapha anthu pafupifupi 21,000 pachaka. Ndipo osuta fodya, pepani abambo, ngozi yanu njoposa ya wina aliyense, chifukwa ziwirizi zimathandizana.

Ena mwa inu mwakhalako ku Britain, ena ana anu akadali komweko. Mukudziwa nyumba zakumeneko momwe amazitsekera nthawi yachisanu, osasiya ngakhale kampata. Madera a Cornwall ndi Devon, komwe kuli miyala ya granite, ndiwo otchuka ndi vutoli, ndipo boma lakumeneko limati nyumba ikafika pa 200 mwini wake achitepo kanthu.

Apa ndiye pagona nkhani yanga: simungadziwe osayeza. Mphuno sikuthandizani, ndipo zotsatira za nyumba ya mnzanu woyandikana naye si zanu, pakuti nyumba ziwiri za mumsewu umodzi zimatha kusiyana kutalitali. Ku Britain amakutumizirani papositi tizipangizo tiwiri tapulasitiki tokwana m'dzanja. Kena mumaika kuchipinda chogona, kena pabalaza, nkutisiya miyezi itatu, kenaka mumatibweza ku labotale. Miyezi itatu chifukwa mpweyawu umakwera nkutsika malinga ndi nyengo. Kuyeza kwa masiku awiri kutha kukunamizani. Wina akakuuzani kuti wangoyang'ana nyumba yanu ndipo ili bwino, ameneyo ngwabodza.

Zikapezeka kuti mpweya wachuluka, nyumba simuigwetsa. Kumata ming'alu kumathandizako, koma pakokha sikukwanira. Njira yodalirika ndiyo kukumba kadzenje pansi pa simenti, kulowetsamo paipi yokhala ndi fani yoyenda usana ndi usiku, kuti izikoka mpweyawo nkuutayira pamwamba pa denga usanalowe m'nyumba. Kwa amene mukumanga kumene, kuyala chipepala cholimba chapulasitiki musanathire simenti nkotchipa kusiyana ndi kudzaswa pansi mtsogolo.

Mwina mukuti izi nza azungu. Komatu uranium kwathu kuno aliko. Mgodi wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009. Makolo athu omwe anapita ndi Wenela ankakumba golide wa ku Johannesburg m'miyala yokhalanso ndi uranium. Nzoona kuti ife timakhalitsa panja ndipo mazenera amakhala otsegula, zomwe nzotithandiza. Koma taonani nyumba zomwe tikumanga m'tauni masiku ano: zotsekedwa ponseponse kuopa akuba ndi udzudzu, mu June ndi July ngakhale kazenera kamodzi osatsegula.

Pomaliza, amene mwaika paipi ndi fani muyezenso miyezi ina itatu. Fani imatha kufa inu osadziwa, mpweya nkubwerera mwakale.