Seva ya pakhomo: chogula choyamba ndi chiti?

Ine si katswiri wa makompyuta, ndangolemba kumene MSCE, koma nkhani ya lero ndaifufuza ndithu.

Tonse tikudziwa mmene zithunzi zimatayikira kuno kwathu. Foni igwere m'madzi pagombe, memory card ikane kutseguka, basi zithunzi za ukwati wa achemwali zapita, mawu a agogo omwe munawajambula akusimba za kale apita, mapepala akale a MANEB omwe munawasonkhanitsa chaka chonse apitanso. Kusunga pa Google kumafuna bandulo, ndipo malo aulere ndi 15 GB okha. Ndiye pali njira ina: kompyuta imodzi yokhala pakhomo, yolumikizidwa ku router, yoti aliyense wa m'nyumbamo aziponyako ndi kutengako zinthu pa Wi-Fi. Azungu amaitchula kuti NAS. Chosangalatsa n'choti sifuna intaneti. Router ikangoyaka, foni yanu ikulankhula ndi sevayo ngakhale mulibe yuniti imodzi ya TNM kapena Airtel.

Anthu ambiri amayamba ndi kufunsa za purosesa. Ayi, kuno yambani ndi magetsi. Seva imayenera kukhala yoyaka nthawi zonse, ndipo hard drive imadana ndi kuzimitsidwa mwadzidzidzi ikulemba. Mukukumbukira mmene tinakhalira mumdima namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022. Ndiye tiyeni tiwerengere. Kompyuta yakale ya patebulo ija, yaikulu ngati bokosi, ikhoza kudya ma watts 50. Pa maola 24 ndi ma watt-hour 1,200. Batire ya sola ya 12V 100Ah imasunga 1,200 yomweyo, koma ngati ndi ya asidi simuyenera kuitsitsa kupitirira theka, apo ayi ifa msanga. Mwaona eti? Bokosi lija likumaliza batire tsiku lisanathe, mababu simunayatse n'komwe. Wina akakupatsani laulere, thokozani, koma seva ayi.

Zotsala ndi ziwiri. Choyamba ndi Raspberry Pi, kakompyuta kokwana m'chikhatho. Ka mtundu wa 4, komwe kanatuluka mu 2019, kamayendera 5V ngati chaja ya foni ndipo kamadya ma watts osapitirira 7. Kali ndi mabowo awiri a USB 3.0 ndi bowo la waya wa netiweki la gigabit. Musalole kugulitsidwa Pi 3 pa ntchito iyi, mabowo ake onse ndi USB 2.0, kukopa vidiyo mudzatopa nako. Vuto la Pi ndi kukapeza. Pa boma pano simukaona m'shopu, mpaka mutume wina ku Lilongwe kapena m'bale wa ku Joni.

Chachiwiri, chomwe ine ndingasankhe, ndi laputopu yakale. Ngakhale yosweka sikirini, bola ikuyaka. Core i3 ndi RAM ya 4 GB n'zokwanira kuyendetsa OpenMediaVault, pulogalamu yaulere yopangidwira ntchito imeneyi. Imadya pakati pa ma watts 10 ndi 20, komanso ili ndi batire yakeyake, ndiye magetsi akathima sigwa nthawi yomweyo. Koma itembenuzeni muione pansi. Batire ikakhala yotupa, ichotseni, imeneyo ndi moto. Onaninso bowo la netiweki: la 100 Mbps limatenga pafupifupi mphindi 15 kukopa 10 GB, pomwe la gigabit mphindi ziwiri zokha.

Tsopano pa hard drive, apa ndiye pofunika ndalama zanu zenizeni. Zina zonse zikafa mumagula zina, koma iyi ikafa yapita ndi katundu. Pali zazikulu za mainchesi 3.5, zofuna 12V ndi chaja yakeyake, ndi zazing'ono za 2.5 zomwe zimadyera pa USB pomwepo. Kwa ife a sola, yaing'onoyo ndi yabwino. WD Red ndi Seagate IronWolf zinapangidwa kuti zizizungulira usiku ndi usana, koma mtengo wake ndi wa anthu a maofesi. SSD ilibe chozungulira mkati, siopa kugwedezeka, imadya magetsi ochepa, kungoti pa ndalama yomweyo mupeza malo ochepa.

Kukula kwake? Chithunzi cha pafoni chimakhala ngati 4 MB, ndiye 1 TB ikhoza kusunga zithunzi pafupifupi 230,000. Chomwe chimadzaza disiki ndi mavidiyo ndi mafilimu a ku baning'i. Yambani ndi 1 TB. Mukailumikiza n'kuona yalemba 931 GB, musakakangane ndi wogulitsa, ndi kawerengedwe chabe ka makompyuta.

Kuberedwa kwenikweni kuli pa zakale ndi zabodza. Mukamagula drive yogwiritsidwapo ntchito, pitani ndi laputopu muiyese pomwepo ndi CrystalDiskInfo. Imakuuzani maola omwe disikiyo yagwira ntchito, ndipo ikalemba Caution, ibwezeni ngakhale atsitse mtengo bwanji. Ma flash olembedwa 2 TB otchipa ngati mandasi aja, ambiri mkati mwake muli malo ochepa kwambiri. Amaoneka ngati akulandira zonse, kenako mafayilo osatseguka. H2testw imawagwira bodza lawo.

Za router sindichedwapo. Ikhale ndi mabowo a waya kumbuyo, chifukwa seva ilumikizidwe ndi waya, osati Wi-Fi. Tima MiFi tam'thumba tambiri tilibe bowo limeneli. Ma router ambiri amayendera 12V, ndiye pa sola akhoza kudya osadutsa pa inveta, koma werengani kaye zolembedwa pansi pake.

Nyengo yathu nayo ndi mdani. Kutentha kwa Okutobala kuno kunyanja mukukudziwa, ndipo hard drive sisangalala ikapitirira madigiri 45. Musaitsekere m'kabati, musaiphimbe ndi kansalu koluka kaja amayi amaphimbira wailesi. Ikhale pamwamba, podutsa mphepo, kutali ndi malata komanso pomwe padontha. Nkhungu zikatuluka m'nyanja, kapena mwera ukabweretsa fumbi, pukutani timabowo ta fani. Nyerere nazo zimakonda malo ofunda. Dzinja likafika, ziphaliwali zikayamba, zulani pulagi kukhoma.

Mmodzi wa inu anandifunsa za RAID, yoika ma drive awiri kuti azikoperana okha. Ndi yabwino, koma mukafufuta chithunzi mwangozi chimafufutika konsekonse, ndipo mbala kapena mphezi imatenga onse awiri pakamodzi. Ndalama ya drive yachiwiriyo gulirani yonyamula m'manja. Kamodzi pamwezi koperani zofunika zokhazokha, zithunzi, masatifiketi, makalata a malo, muikulunge mu pulasitiki, mukaisunge kwa azakhali kapena kunyumba ina iliyonse yomwe si yanu. Amene muli ndi laputopu yakufa kunyumba, bwerani nayo sabata yamawa tiitsegule limodzi, ndi chaja yake yomwe.