CHIMFINE CHA NTHAWI YA MWERA NDI MPHUNO ZOSUPUKA

Mau a pa wailesi a Mlangizi wa Zaulimi, Boma la Mangochi

Masiku onse ndimalankhula nanu za chimanga, thonje ndi nkhokwe. Lero ndifuna kunena za mphuno ya mlimi mwini wake, pakuti m'miyezi ya Juni ndi Julayi, mwera ukayamba kuomba, ndimapeza anthu ambiri m'midzi mphuno ziri psuu, zosupuka ngati mbatata yootcha.

Chimfine chimadza ndi tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa mavairasi, ndipo timachoka kwa munthu kunka kwa mnzake poyetsemula ndi pogwirana manja. Kawirikawiri chimatha chokha pa masiku 7 kufikira 10. Makapisozi ogula pa msika sapha tizilombo timeneti, kuwagula ndi kungotaya ndalama za thonje. Koma dziwani kuti chosupula mphuno ndicho kupukuta. Mamina anyowetsa khungu, mwera uliumitsa, tsono inu mubwera ndi nsonga ya chitenje chokhakhala, kapena tsamba, kapena kuseri kwa dzanja, tsiku lonse kungopukuta. Khungu la pamenepo ndi lopyapyala, silichedwa kung'ambika. Ntchito zathu za nyengo ino ziwonjezera bvuto: fumbi la potonola chimanga, popuntha mpunga ndi posankha thonje, utsi wa powamba nsomba, ndi mphepo imene asodzi a usipa agona nayo pa nyanja.

Chitani chotere. Patulani kansalu kakale kofewa, kakhale ka mphuno yanu yokha, ndipo muzikachapa ndi sopo ndi kukayanika pa dzuwa tsiku liri lonse. Minani pang'onopang'ono, mbali imodzi poyamba, yina pambuyo. Mukamina musatikite ai, ingogunditsani kansaluko kuti kamwe chinyezi. M'mawa ndi madzulo sambani pa mphuno ndi madzi ofunda, ndipo pakauma pakani Vaseline pang'ono kunja kwa mphuno ndi pa mlomo wa m'mwamba. Ngati mulibe Vaseline, mafuta oyera a mtedza agwira ntchito yomweyo. Mafutawo atchinga mamina kuti asadye khungu, chifukwa chake pakaninso musanapite ku munda kapena ku doko. Musawalowetse m'kati mwa mphuno.

Mphuno ikatseka, wiritsani madzi, tungani kapu imodzi ya tiyi, thirani mchere theka la sipuni yaing'ono, ndipo akazizira dontheza madontho 2 kapena 3 mbali iri yonse. Madzi akhale owiritsa ndithu, osati ongotunga pa nyanja kapena pa Shire. Imwani madzi ambiri, phala ndi tiyi. Pa ntchito ya fumbi bvalani kansalu kophimba mphuno ndi pakamwa, konga kaja tinkabvala m'zaka za 2020 ndi 2021 chifukwa cha Covid-19.

Pali zinthu zimene ndikupemphani muleke. Ndinapeza mkulu wina pa mudzi wina atapaka parafini pa mphuno, akuti mnzake wa pa doko ndiye anamuuza. Khungu linapsa, ndipo chilonda chinakhala masabata, thonje lake liri m'munda losathyola. Parafini, dizilo ndi mafuta a injini si mankhwala. Fodya wa m'mphuno nayenso awonjezera kuyetsemula ndi kuwawa. Mankhwala opaka otentha aja onunkhira aluma pa khungu losupuka, ndipo pa mphuno ya khanda musawayandikize konse. Kufungatira mwana m'bulangeti ndi mphika wa madzi otentha kumaotcha ana.

Tsono mverani ichi, pakuti chiri pa ntchito yanga. Ino ndiyo nyengo yothira mankhwala a ufa, monga Actellic, m'chimanga chosunga. Munthu wa chimfine manja ake sachoka pa mphuno. Athira mankhwala, asakaniza, apukuta mamina ndi dzanja lomwelo, ndipo mankhwala alowa pa khungu long'ambika. Ngati muli ndi chimfine, ntchito imeneyi patsani wina, kapena dikirani muchire. Ali yense wothira aphimbe mphuno, athirire panja ataima mbali yochokera mphepo, ndipo asambe m'manja ndi sopo asanagwire kumaso.

Chimfine chiri ndi malire ake. Mukaona zilonda za pa mphuno zikuchita nkhanambo zachikasu ndi kufalikira, pitani ku chipatala. Chithupsa cha pa mphuno musachifinye. Thupi likatentha, kayezetseni malungo tsiku lomwelo, pakuti kuno ku nyanja udzudzu sutha. Chifuwa chikapitirira masabata 2, kayezetseni chifuwa chachikulu.

Makamaka penyani ana, pakuti chibayo chimayamba ngati chimfine wamba. Mwana ali phee, bvundukulani pa chifuwa ndi kuwerenga kupuma kwake pa mphindi imodzi, wochi ya pa foni ikuthandizani. Wa miyezi 2 kufikira 11 akafika 50, kapena wa chaka chimodzi kufikira zaka 5 akafika 40, akupuma mofulumira. Kunsi kwa chifuwa kukamalowa m'kati popuma, kapena akakana bere, musadikire kuti kuche kawiri. Nyamukani naye. Khanda lotseka mphuno liyeretseni ndi madontho a mchere aja lisanayamwe, ndipo amai asaleke kuyamwitsa.

Inu mafumu, mau awa muwanene pa bwalo. Uzani anthu ayetsemulire m'kansalu, ndi kuti pa maliro ndi pa msonkhano madzi osamba m'manja azithirirana, asapise onse m'beseni limodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe. Dziwaninso amene ali ndi njinga kapena bwato pa mudzi panu, kuti mwana akabanika usiku msayambe kufunsa nthawi yomweyo. Chimene simunamve bwino, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu.

Tsalani bwino nonse.