Mawu a mlendo wolemekezeka pa mwambo wolandira ophunzira atsopano a unamwino ndi uzamba

Wapampando wa bodi ya koleji ino, mkulu wa koleji, abusa, a Gogo Chalo ndi mafumu onse amene mwabwera, a metroni ndi anamwino a pachipatala chathu, aphunzitsi, makolo, ndi inu ana anga amene mwayamba maphunziro sabata ino, ndikupereka moni kwa nonse.

Ana inu mwalowa pachipata ichi chifukwa cha satifiketi ya MSCE. Komiti yosankha sinakuoneni mukusamalira agogo anu pamene ankadwala, sinamvenso mmene mumayankhulira ndi mwana wolira. Inaona manambala amene a MANEB analemba pambali pa bayoloje, kemisitiri, fizikisi, masamu ndi Chingerezi. Ofuna malo amachuluka kuposa mipando ya m'kalasi ndi mabedi a kuhositelo, choncho kusankha sikungapeweke. Chimene ndikufuna tiganizire limodzi lero ndi ichi: kodi manambala amenewa amatiuza zoona za amene adzamalize maphunziro, adzakhoze mayeso a Bungwe la Anamwino ndi Azamba, nadzasamalira bwino odwala?

Ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo manambalawo, chifukwa alipo anthu amene amati unamwino ndi mtima chabe, masamu ndi ongovutitsa ana. Ine ndikukana. Mayi wapakati akayamba kuphupha chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, mankhwala omupulumutsa ndi magnesium sulphate. Mankhwalawa amabwera a mphamvu ya 50 peresenti, koma olowetsa mumtsempha ayenera kukhala a 20 peresenti, magalamu 4. Mzamba ayenera kudziwa kuti atunga mamililita 8 a mankhwala, asakaniza ndi mamililita 12 a madzi a jakisoni, ndipo awabaya pang'onopang'ono. Zimenezi zimachitika pakati pa usiku, pachipatala chaching'ono chakumudzi, dokotala kulibe, ambulansi ikadali kutali. Chimodzimodzi dripi: lita imodzi yoti ithe m'maola 8, pa chubu chotulutsa madontho 20 pa mililita, ndiye kuti madontho 42 pa mphindi. Amenewa ndi masamu a kusekondale. Mwana amene anawathawa ku Fomu 3 adzakumana nawo kuwodi, munthu ali gone pabedi.

Ku America, kumene makoleji akhala akusunga ndi kuyerekeza zotsatira za ophunzira awo kwa zaka zambiri, nkhaniyi aifufuza kwambiri. Kumeneko ambiri ofuna unamwino amayamba aphunzira za kapangidwe ka thupi, kagwiridwe kake ka ntchito ndi za tizilombo toyambitsa matenda, ena amalembanso mayeso olowera monga a TEAS, ndipo pomaliza onse amalemba NCLEX kuti apatsidwe chilolezo chogwira ntchito. Chimene chakhala chikuoneka mobwerezabwereza n'chakuti malikisi a maphunziro a sayansi amalosera bwino mmene wophunzira adzakhozere, makamaka m'chaka choyamba, ndipo luso lowerenga ndi kumvetsa nkhani yolembedwa limathandizanso. Sizodabwitsa. Mabuku a unamwino ndi aakulu, ndipo kuno kwathu onse ali m'Chingerezi. Choncho sindinabwere kudzapempha kuti titsitse muyezo.

Koma pali kanthu kamene timakaiwala tikamanyadira njira yathu yosankhira. Timangodziwa zotsatira za amene tinawatenga. Mtsikana amene tinamubweza chifukwa anaperewera pointi imodzi sitinamuphunzitsepo, ndiye sitingathe kunena kuti akanalephera. Zili ngati mlimi amene wasankha mbewu zikuluzikulu zokha n'kubzala, zotsalazo n'kukazinga. Akakolola bwino amati anasankha mwanzeru, chonsecho zimene anakazinga zija sanazipatse mpata woti zimere. Tiyenera kudzichepetsa pamenepa. Mzere umene timalemba pamndandanda wa mayina umachokera pa kuchepa kwa malo. Sumalekanitsa oyenera ndi osayenera.

Ndipo giredi imodzi siitanthauza chinthu chimodzi kwa ana onse. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndiye kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza. Tsopano tenganiko ana awiri, onse ali ndi 5 pa bayoloje. Wina wachokera ku sukulu ngati Dedza, Lilongwe Girls, Blantyre Secondary kapena Mzuzu Government, kumene kuli labotale, laibulale ndi nthawi yowerenga usiku. Mnzakeyo wachokera ku CDSS, mwa sukulu zija zimene mu 1998 boma linazisandutsa kuchoka ku malo ophunzirira a MCDE. Mwina ankayenda mtunda wautali m'mawa uliwonse, buku limodzi ankaligawana ndi anzake ambiri, maikulosikopu anangoiona pachithunzi, ndipo akaweruka ankayamba wapita kudimba kapena kumjigo. Papepala awiriwa ndi ofanana. Ine ndikaona 5 wachiwiriyo ndimaona mwana amene anaphunzira kudziphunzitsa yekha, ndipo limenelo ndi luso limene namwino amalifuna moyo wake wonse. Ndimaonanso mwana amene angavutike m'miyezi yoyambirira ngati tingamuponye m'kalasi n'kumusiya, poganiza kuti zonse za mu labotale anazidutsa kale. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo komiti yosankha pamodzi ndi aphunzitsi ayenera kuzidziwa.

Apa ndiye pagona pempho langa lalikulu, a mkulu wa koleji. Manambala amene mwasankhira ana awa musawatsekere mufayilo. Agwiritseni ntchito kawiri. Ngati giredi ya kemisitiri imatha kulosera amene adzavutike pa phunziro la mankhwala, ndiye kuti lero lino mukuwadziwa kale mayina a ofunika thandizo. N'kudikiriranji mpaka mayeso a kumapeto kwa chaka kuti mudzawachotse? Apatseni onse kamayeso kakang'ono ka masamu ndi kuwerenga m'masabata oyambirira, kosawerengera pa malikisi awo, kenaka mukhale nawo madzulo amene aoneka kuti akutsalira. Ophunzira a chaka chomaliza angathandizenso ang'ono awo.

Komanso koleji ino isunge kaundula wakewake. Gulu lililonse likalowa, lembani magiredi a aliyense, mtundu wa sukulu imene anachokera, ngati analemba MSCE kamodzi kapena anabwereza, kenaka zotsatira za chaka choyamba, malipoti a kuwodi, ndi mayeso a Bungwe. Sizifuna ndalama zambiri; kompyuta imodzi ndi mphunzitsi wosamala n'zokwanira. Pakatha zaka zisanu mudzakhala ndi yankho lochokera kwa ana a kuno, osati a ku Texas. Ndipo makoleji a CHAM, monga Ekwendeni, Nkhoma, St Luke's ku Malosa, Holy Family ku Phalombe, Mulanje Mission, Malamulo, Trinity ku Muona ndi ena, ataphatikiza kaundula wotere ndi wa Malawi College of Health Sciences, Mzuzu University ndi KUHeS, dziko lingathe kusankha anamwino ake ndi umboni m'manja. Nkhani ya obwereza mayeso imandikhudza kwambiri. Ena amati kubwereza n'chizindikiro cha kufooka, ena amati n'chizindikiro cha khama. Kaundula ndi amene angathetse mkanganowo.

Mudzapezanso mu kaundulamo kuti ambiri amene amasiyira panjira si chifukwa cha mutu. Ndi fizi imene yasowa pakati pa chaka, maliro a amene ankalipira, matenda, mimba, njala. Zimenezi satifiketi ya MSCE siizionetsa. Ndipo wophunzira aliyense amene wasiya ndi namwino mmodzi amene wodi ina idzamusowa. Akuluakulu muli pano mukukumbukira mmene zinalili chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Edzi ili pachimake, anamwino ambiri akupita ku Britain. Mu 2004 boma linachita kuyambitsa ndondomeko yapadera yochulukitsa ogwira ntchito zaumoyo, n'kuwonjezera 52 peresenti pa malipiro awo ndi kukuza makoleji kuti azitenga ophunzira ambiri. Malo amene ana inu mwakhalawa anapezeka movutikira.

Chatsala ndi chija chimene palibe giredi imene ingachiyeze: khalidwe la munthu pamaso pa wodwala. Ku England, lipoti la Robert Francis la mu 2013 linaulula mmene odwala ankanyalanyazidwira pachipatala cha Stafford, ena osasambitsidwa, ena osathandizidwa kudya ndi kumwa. Anamwino a kumeneko anali ndi mapepala awo onse. Zitatero, dzikolo linalimbikitsa kuti posankha ophunzira unamwino aziyang'ananso mtima ndi makhalidwe. Makoleji ambiri anatengera njira imene inayambira ku McMaster University ku Canada, yoti wofuna malo azidutsa m'tizipinda tingapo, m'kachipinda kalikonse mphindi zochepa, wofunsa wina ndi nkhani ina, kuti maganizo a munthu mmodzi asagamule tsogolo la mwana.

Ife titati titengereko, tichenjere. Kufunsa mafunso m'Chingerezi chokhachokha kumakomera mwana wa m'tauni wozolowera kuyankhula pagulu, pamene wa kumudzi, amene anaphunzitsidwa kuyang'ana pansi akamayankhula ndi akulu, amaoneka ngati wosadziwa kanthu. Bwanji kachipinda kamodzi kasakhale ka Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena? Mupatseni paketi ya Thanzi, mumuuze kuti afotokozere agogo mmene angasungunulire mu lita imodzi ya madzi abwino ndi kumwetsa mdzukulu wotsegula m'mimba. M'mphindi zisanu mudzaona ngati amamvetsera, ngati amaleza mtima, ngati amafunsa kuti atsimikize kuti agogowo amva. Ntchito yathu yambiri imagwiridwa m'zinenero zimenezi.

Makolo, ntchito yanu sinathere pachipata. Mwana akakuimbirani foni kuti zikumuvuta, musathamangire kumukalipira. Mufunseni ngati wakaonana ndi aphunzitsi ake. Fizi ikavuta, bwerani msanga mudzakambirane ndi akuluakulu a koleji, asanafike pobwezedwa kunyumba.

Inu ana anga, amene mwalowa ndi magiredi apamwamba ndikukuyamikirani, koma kuwodi wodwala sadzakufunsani mapointi anu, ndipo a sisitala adzakuyang'anani mmene mukuyalira bedi ndi kusamba m'manja monga wina aliyense. Amene mukudziwa kuti masamu kapena kemisitiri zinkakuzunzani, musabise. Pitani kwa mphunzitsi sabata ino, mukanene nokha, musanayambe phunziro la kawerengedwe ka mankhwala. Amene mwachokera ku sukulu za labotale, khalani pafupi ndi anzanu amene akugwira zipangizozo koyamba. Pakangopita miyezi yochepa mudzavala yunifolomu n'kulowa m'wodi, ndipo anthu a m'midzi ya mafumu ali panowa adzayamba kukuitanani kuti anesi.

Ndi mawu amenewa, a Wapampando, ndikulengeza kuti chaka chatsopano cha maphunziro pa koleji ino chatsegulidwa. Mulungu akudalitseni nonse.