ZILEMBO ZITATU PA GALIMOTO YA APOLISI

Ku Amereka kuli anthu ambiri amene, akafuna galimoto, sapita ku sitolo ya magalimoto atsopano ai. Iwo ayembekeza tsiku limene boma la mzinda kapena la cigawo ligulitsa magalimoto amene apolisi athana nao. Malondawo acitika pa okushoni, kumene munthu wochula mtengo woposa wa anzace ndiye atenga katundu. Kwa zaka zambiri oyendetsa matakisi ndiwo anali kugula magalimoto otere kopambana, koma agulanso anyamata okonda liwiro, ndi eni mabanja amene ndarama zao n'zocepa. Onsewa akopeka ndi mbiri yakuti galimoto ya apolisi njolimba koposa zinzace. Mbiriyi njoona, koma ambiri ataya ndarama cifukwa anaimva mbali imodzi yokha.

Kulimbako kuyambira ku fakitale. Kampani ya Ford inayamba kukonza magalimoto a apolisi mwapadera m'caka ca 1950, ndipo makampani ena anatsatira. Kunja galimotoyo ifanana ndi ya munthu wamba, koma m'kati muli masipuling'i ouma, mabuleki opirira kutentha, cida coziziritsa oilo, ndi makina aakuru opangira magetsi, pakuti wailesi, nyali za padenga ndi lipenga zidya magetsi ambiri. Wochi ya liwiro iyesedwa bwino lomwe, kuti umboni wa mpolisi usatsutsike m'bwalo la milandu. Pansi ayalapo mphira m'malo mwa nsaru, cifukwa oledzera amene anyamulidwa usiku sasankha posanzira.

Tsono wogula angadziwe bwanji kuti galimoto imene aiona inapangidwadi motere? Munthu wocenjera akhoza kutenga galimoto wamba, kuipaka utoto wakuda ndi woyera, kumangirira nyali yaikuru pambali pa woyendetsa ndi zitsulo zokankhira kutsogolo, nanena kuti inali ya apolisi. Koma fakitale isiya umboni wace umene utoto sungaufafanize.

Ku kampani ya General Motors, imene ipanga Chevrolet, cinthu ciri conse coikidwa pa galimoto ciri ndi dzina la zilembo zitatu, ndipo pa magalimoto akale maina onsewo analembedwa pa kapepala komatidwa m'kabokosi ka kutsogolo kwa wokwera, kapena m'buti. Dzina la zida za apolisi ndi 9C1. Linali pa Nova m'zaka za m'ma 1970, pa Caprice kufikira 1996, ndiponso pa Impala kuyambira 2000. Camaro yothamangitsira oswa malamulo a liwiro inali ndi dzina lace lace, B4C, kucokera 1991 kufikira 2002. Koma wogula asalekere pa 9C1. Caprice ya apolisi ya zaka za 1994 mpaka 1996 inachuka cifukwa ca injini yace ya malita 5.7, dzina lace LT1. Komabe mizinda yina, pofuna kusunga petulo, inagula Caprice ya injini yaing'ono ya malita 4.3. Zonse ziwiri ndi 9C1. Amene sanafune LT1 pa kapepalako akhoza kulipira mtengo wa ng'ombe nabwera ndi mbuzi.

Ford inatsata njira yina. Kuyambira 1981 galimoto iri yonse yogulitsidwa ku Amereka iri ndi nambala ya zilembo 17, yooneka pa galasi la kutsogolo. Pa Crown Victoria ya apolisi, cilembo cacisanu, cacisanu ndi cimodzi ndi cacisanu ndi ciwiri ziwerengedwa P71, ndipo pa za 2010 ndi 2011 ziwerengedwa P7B. Pakakhala P73 kapena P74, imeneyo ndi galimoto ya munthu wamba, ngakhale wogulitsa alumbire motani.

Zilembozi zinena mmene galimoto inabadwira. Za mabvuto amene inaona pa nchito sizinena kanthu, ndipo apa ndipo pagwera ogula ambiri. Munthu ayang'ana mamailosi, naona 100,000, nati m'mtima mwace, injini yotere ikali ndi moyo. Aiwala kuti galimoto ya apolisi ithera nthawi yaikuru iri ciimire, injini iri kulira. Mpolisi akhala pambali pa mseu kudikira othamanga. Aima pamalo pa ngozi maola atatu nyali ziri kuyaka. Alemba malipoti ace momwemo, kunja kukuzizira kapena kukutentha. Nthawi yonseyo injini izungulira, oilo akalamba, zitsulo zidyana, koma wochi ya mamailosi siyenda ngakhale pang'ono.

A Ford anawerengera kuti ola limodzi la kulira ciimire lifanana ndi ulendo wa mamailosi 33, ndipo kuyambira 2006 anaika pa Crown Victoria ya apolisi wochi yowerenga maolawo. Galimoto ija ya mamailosi 100,000 ikaonetsa maola 3,000, injini yace yagwira nchito ya mamailosi enanso 99,000. Ndiko kuti njokalamba kawiri kuposa mmene wogula anaganizira. Cifukwa cace odziwa afunsa za maola asanafunse za mamailosi. Afunsanso kumene galimotoyo inali kugwira nchito: ya pa miseu yaitali ya pakati pa mizinda, ngakhale iri ndi mamailosi ambiri, kawiri-kawiri iposa ya m'kati mwa mzinda imene inali kuima ndi kunyamuka usana ndi usiku, oyendetsa atatu akusinthana, wina ali yense ndi phazi lace. Yabwino koposa ndi ya mkuru wa apolisi kapena ya wofufuza milandu, imene inali ndi mwini mmodzi.

Pali cabwino cimene ogula sayenera kuciiwala. Magalimoto a boma ambiri aonedwa ndi makanika pa nthawi yace, ndipo nthawi zina buku la zokonzedwa liperekedwa pamodzi ndi galimoto. Zitsulo za Crown Victoria zipezeka mosabvuta, pakuti inapangidwa yambiri kufikira September 2011, pamene yotsiriza inaturuka m'fakitale ya St. Thomas ku Canada. Koma ndiko kutinso ngakhale yaing'ono mwa izo yapitirira zaka 10.

Zotsala n'zoti munthu aone ndi maso ace. Pocotsa nyali ndi milongoti ya wailesi, amisiri asiya ziboo padenga, ndipo ciboo cotsekedwa mwaulesi cilowetsa mvula ndi dzimbiri. Mawaya odulidwa atsala lende pansi pa mipando. Malamulo a zigawo zambiri aletsa munthu wamba kuyenda ndi nyali zofiira kapena zabuluu, kapena cizindikiro ca apolisi, kotero zonsezo ziyenera kucoka galimoto isanalowe mu mseu.

Mwini banja ayesenso zitseko za kumbuyo. Pa Chevrolet, 6N5 itanthauza kuti wokhala kumbuyo sangatsitse galasi, ndipo 6N6 kuti sangatsegule citseko ali m'kati. Kwa mkaidi n'zoyenera. Kwa ana pa tsiku la ngozi n'zoopsya, ndipo makanika ayenera kuzikonza. Kiyi nayonso njofunika kuiganizira. Mizinda yambiri inagula magalimoto ace onse ndi kiyi yofanana, kuti mpolisi ali yense ayendetse iri yonse. Wogula amene sasintha maloko agona usiku galimoto yace iri pabwalo, pamene anthu ena onse amene anagula pa okushoni yomweyo ali ndi kiyi yace m'thumba.