Nyanja ya Chilwa ndi Eni Ake



Chilwa ndi nyanja yosaya, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi ake. Mvula ikavuta zaka zotsatizana, imaphwa. Idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, mabwato a pa Kachulu n'kutsala pa dothi long'ambika.

Chaka cha 1995 chimenecho, matemba, makumba ndi milamba zotsala zidathawira m'maiwe a mitsinje yothira m'nyanjayi, monga Likangala ndi Domasi. Anthu adali pa umphawi, nsombazo zili zosavuta kugwira. Koma mafumu, asodzi ndi alangizi a boma adamanga mfundo imodzi: adaletsa katupe ndi makoka m'maiwemo, nakhazikitsa makomiti olondera. Madzi atabwerera, nsomba zomwezo ndizo zidaswana n'kudzazanso nyanja.

Mu 1996 Chilwa idalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Komabe kaundula salondera dziwe usiku. Amalondera ndi mfumu, msodzi, ndi mlenje wa mbalame amene amaleka zisa m'njedza mpaka tiana titauluka. Choncho boma likamakonza malamulo a nyanjayi, liziyamba lakhala pansi ndi anthu amenewa.